Mutu Wanga Sugwira Chikwanje

Ndagulitsa thadzi loikira
kuti ndilipire wakabaza kuchokera ku Lifuwu,
ndipo pano ndili pa benchi la ofesi ya zamalamulo pa boma la Salima,
wachisanu ndi chiwiri pa mzere,
mabuku awiri ndawamanga m'chitenje.

Loyamba ndi lakuchipatala, lachikasu.
Muli chidindo cha ku Zomba:
miyezi itatu, chaka chomwe ndinaika mwana wanga Tiyanjane.
Limeneli aliyense amaliwerenga,
ngakhale amene sukulu anailekera pakhomo.
Lachiwiri ndi kope lotsala la Tiyanjane yemweyo.
Ndinadumpha masamu ake n'kuyamba kulemba zanga.
Limeneli palibe analitsegulapo.

Pa 3 Malichi, anditsekera madzi opita kumpunga.
Pa 19, mbuzi ziwiri zafa, thovu kukamwa.
Pa 2 Epulo usiku, miyala padenga,
isanu ndi umodzi, ndinawerenga.
Pa 11 Meyi, mitengo inayi ya mango yagona,
yodulidwa m'chiuno.

Kupolisi ndinapitako.
Wa pa kauntala ankalemba bwinobwino
mpaka mlamu wanga Zakeyu atalowa
ndi jekete lake lopitira kutchalitchi,
napatsa moni aliyense,
nazunguza chala pafupi ndi khutu.
Cholembera chija chinagona.
"Mayi, mankhwala mwamwa lero?"

Ndimamwa.
Kapilisi koyera madzulo, kamene kamaumitsa kukamwa.
Sindibisa: masiku ena ndimamva malemu amuna anga
akundiitana kuseri kwa nkhokwe,
ndipo ndimadziwa kuti kuseriko kuli mbewa zokha.
Koma mawu a m'mutu sasiya mapazi a jombo m'matope.
Mutu wanga sugwira chikwanje.
Ngati ndi misala yanga inagwetsa mango,
bwanji nkhuni zake zili pa khonde la Zakeyu?

Akale anati wamisala anaona nkhondo.
Sananene kuti ataiona
anakadandaula ku ofesi iti.

Dzina langa laitanidwa, Neliya Sankhulani,
lonse, lopanda chowonjezera.
M'katimo magetsi athima, fani yaima chilili,
mafayilo aunjikana mpaka pawindo.
Mayi Kalimanjira akudzipepesera mphepo ndi envulopu.
Mwa chizolowezi ndatulutsa lachikasu poyamba,
monga galu woonetsa bala asanamenyedwe.
Aliona, aliwerenga tsamba limodzi,
aliika pambali osalikankha.
"Nanga linalo?"

Akuwerenga ndi chala, pang'onopang'ono.
Khadi la kusikimu lili m'dzina la yani?
Mbuzi zija alangizi a ziweto anaziona?
Zitsa zija wina anaziona ndani?
Ndatchula Dailesi wogulitsa zitumbuwa,
amene amaona zonse koma amaopa.

Kenaka chala chaima.
"Pa 27 Epulo mwalemba kuti wailesi inatchula dzina lanu."
Thukuta latsikira kumsana.
Ndayang'ana kalendala ya kampani ya feteleza pakhoma.
Tsiku limenelo sindinagone masiku atatu.
"Zimenezo," ndatero, "sindikudziwa."
Ndadikira kuti cholembera chigone.

Ajambula kamzere ndi pensulo, kopepuka.
"Ili tilisiye. Kudwala si mlandu,
ndipo wodwala naye amaberedwa.
Sindikulonjezani khoti mawa,
galimoto yathu ilibe mafuta.
Koma Lachinayi ndidzakwera kabaza ngati inu.
Zitsa sizithawa."

Panja dzuwa likuwotcha malata a m'golosale.
Ndalama yobwererayo yakwana theka la njira,
theka linalo ndi la miyendo.
Mwina Dailesi adzakana.
Mwina Zakeyu azula zitsa usiku uno,
ndipo ndidzaoneka wamisala kawiri.

Ndakhala pa mwala pafupi ndi okonza njinga,
ndanyowetsa pensulo ndi malovu ochepa amene kapilisi kanandisiyira,
ndalemba pansi pa mango:
Pa 6 Juni,
munthu wandifunsa funso lachiwiri.